Kulambula pa Mwala wa Asilikali a Ndege

Amuna anga atamwalira tinakawaika kumudzi ku Ntcheu, ine n'kubwerera ku Corby, kudziko la azungu, kuntchito yanga yosamalira okalamba. Pakati pa amene ndinkawasambitsa panali mayi wina wachizungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Sanakwatiwepo.

Tsiku lina ndikuwapesa anandiuza za mnyamata wa ku Amereka amene anamukonda nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mnyamatayo ankagwira mfuti m'ndege yoponya mabomba. Ndegeyo inanyamuka pabwalo lina kunja kwa tawuni, osabweranso. Mtembo wake sunapezeke.

"Ndikafa ine, dzina lake lafanso," anatero.

Anandibwerezetsa dzinalo mpaka lilime langa linalizolowera.

Mayiwo anamwalira nyengo yozizira. Kutayamba kufunda, tsiku lopuma, ndinakulunga kakhasu ndi tsache m'chitenje n'kukwera basi. Dalaivala anayang'ana mpini, anayang'ananso ine. Basi inandisiya patali, kotsalako ndinayenda wapansi.

Bwalo la ndege lija tsopano ndi minda ya tirigu. M'mbali mwa msewu muli mwala wokumbukira onse amene ananyamukira pamenepo, wopanda dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ndinaupeza utazunguliridwa ndi tchire lofika m'mawondo. Zinandiwawa. Kwathu manda akamera chonchi ndiye kuti mtundu unatha. Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kulambula.

Nditalima mbali imodzi ndinamva kukuwa. Anali bambo wina wachikulire ali ndi galu, nkhope ili psuu.

"Mayi! Mukutani? Maluwa amenewo tinadzala dala! Ndi a njuchi!"

"Maluwa ake ati, bambo? Ili ndi tchire."

"Akanaphuka mwezi wamawa!"

"Pepani. Koma njuchi zili ndi minda yonseyi. Anthu awa ali ndi mwala umodzi."

Anandifunsa ngati anandituma a khonsolo. Ndinati ayi, ndabwera chifukwa cha munthu.

"M'bale wanu?" Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Tikufanana, eti?"

Anafuna kuseka koma anadzigwira. Anati ndichoke, apo ayi aimba foni kukhonsoloko. Ndinaika khasu pansi koma sindinasunthe. Ndinawauza za mayi aja ndi za ndege imene sinabwerere. Ndinawauzanso kuti manda a amuna anga ali kutali, amasesa ndi alamu anga, ndipo ine manja angokhala.

"Maluwa anu sindiwagwiranso," ndinatero. "Koma kubwera ndizibwera. Muimbe foniyo."

Anayang'ana mwalawo, galu akununkhiza dothi limene ndinatipula. Kenako anati iwo akhala akutchetcha m'mbali mwa msewuwu zaka zambiri, koma sadziwa dzina la aliyense wa anyamatawo.

"Ameneyo anali ndani?"

Ndinalitchula. Anapendeketsa mutu, sanamve. Ndinalitchulanso pang'onopang'ono, monga anandiphunzitsira mayi aja. Analibwereza m'kamvekedwe kawo, ndipo linatuluka bwino kuposa mmene ndimalitchulira ine.

Tinagwirizana malire. Kuzungulira mwala, potalika ngati mpini wa khasu, ndi panga, pazikhala poyera. Kwinako ndi kwa njuchi. Iwo anatola mizu imene ndinazula n'kuyamba kuibwezera m'nthaka, akung'ung'udza. Ine ndinasesa mbali yanga. Ndikuchoka anandiitana, nalitchulanso dzina lija, kufunsa ngati alikhoza.