Chilankhulo Chimene Mayi Anatsala Nacho

Ndinaganiza zochoka ku Malawi tsiku limene ndinamenya tebulo la bwana wanga mpaka kapu inagwa n'kusweka. Ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, ndipo munthuyo ananditchula kuti mnyamata pamaso pa antchito onse. Ntchito inathera pomwepo. Mkazi wanga Esnati, amene ndi namwino, anali atapeza kale malo pachipatala mumzinda wa Leicester, kutsidya la nyanja, ine ndikukanakana. Nditafika kunyumba ndinamuuza kuti, "Make Tadala, lembetsani dzina langa, tizipita." Mayi anga kumudzi ku Phalombe sanalire. Anandigwira padzanja n'kunena kuti, "Fayisoni, mkwiyo wakowu ukausiye pabwalo la ndege." Sindinausiye.

Ku Leicester tinkakhala ku Beaumont Leys, m'kanyumba kamene makoma ake amatuluka thukuta nthawi yozizira. Ine wa satifiketi ya Fomu 4 ndinkanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, shifiti pambuyo pa shifiti. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse: feteleza, malata, mankhwala a mayi. Anthu kumudzi ankaganiza kuti ndimazitola pansi. Masiku ena ndinkatha tsiku lonse osalankhula ndi munthu kupatula makina olipirira pashopu.

Mwana wathu Tadala anafika ku Leicester akuyamwa. Chichewa amamva, koma kuyankha n'Chingerezi basi. Ndinakalipa, ndinaletsa Chingerezi patebulo, mwana anangosiya kulankhula patebulo. Atamaliza sukulu anapita kumpoto kwa Wales kukaphunzira ntchito yosamalira okalamba, kuphunzira kwake kogwira ntchito konko. Kumeneko anthu ali ndi chilankhulo chawo, Chiwelishi, ndipo mwana wanga anachiphunzira mpaka kulembera mayeso m'chilankhulo chimenecho.

Chaka chathachi anatiitana kumwambo wopereka mphoto kwa ophunzira ntchito amene achita bwino m'Chiwelishi. Pakhomo anatipatsa mahedifoni kuti tizimva kumasulira. Atatchula dzina lake, Tadala anakwera pansanja n'kuyamba kulankhula. Analankhula mosadodoma, anthu akuseka, agogo ena akupukuta misozi. Ine bambo wake ndinkamumva kudzera mwa mzungu wa m'hedifoni. Ndinavula chinthucho n'kutuluka kukakhala m'galimoto.

"Bambo a Tadala, mwatichititsa manyazi," anatero Esnati atabwera.

"Manyazi ndi ameneyu. Chilankhulo cha anthu oweta nkhosa chalowa, cha bambo wake chinakanika?"

Tadala anali kumbuyo, mphoto ili pamiyendo. Anayankha m'Chingerezi, mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala, zimene zinandikwiyitsa kwambiri. "Adadi, agogo amene ndimawasambitsa aja Chingerezi ankachidziwa. Mutu ukayamba kuiwala, chilankhulo chimene anaphunzira pambuyo chimayamba kuchoka. Chimatsala n'cha paubwana. Ukapanda kuchidziwa, amaona ngati wabwera kudzawabera."

"Zausiru," ndinatero, n'kuliza galimoto.

Nthawi imeneyo mauthenga a mlongo wanga Aginesi, amene ankakhala ndi mayi kumudzi, anali atayamba kusintha. Kale ankayamba ndi moni wautali n'kuthera pa feteleza. Tsopano ankalankhula motsitsa mawu. Amayi akuchoka pakhomo masana osatsanzika. Amayi akulankhula zosamveka. Amayi akumaima panjira yodutsa kumanda n'kumagwira ana asukulu pamkono. Kenako mwana wina wa Sitandade 3, amene mayi anamugwira pamkono Lachiwiri, anatentha thupi n'kumwalira sabata yomweyo. Uthenga wotsatira unali waufupi: "Achimwene, nthochi zonse za amayi azidula. Kumjigo ndikafika ine anthu akumachoka. Bwerani."

Ndinapita. Basi itanditsitsa pamsika, anyamata akabaza anandiyang'ana osandithamangira. Munthu wochokera kunja, sutikesi ziwiri, palibe wofuna ndalama yake. Mmodzi anafunsa mnzake mokweza kuti, "Ndi mwana wa gogo uja?" Ndinayenda wapansi. M'njira monse anthu ankayankha moni wanga akuyang'ana kumbali. Pakhomo pathu ndinapeza miyala padenga la malata amene ndinagula ine, ndipo Aginesi anali atatseka mawindo masana dzuwa likuswa mtengo.

Mayi anali pamphasa, ataonda. Ndinagwada. "Amayi, ndabwera. Ndine Fayisoni." Anandiyang'ana ngati ndine wokhometsa msonkho, n'kukokera chitenje chawo kutali ndi ine. Kenako analankhula mawu ambirimbiri, mofulumira, akuloza kunjira. Sindinatolepo kanthu.

Tsiku lotsatira anyamata anasonkhana pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi nyumba, ena atanyamula zikwanje ngati akupita kumunda. Ndinatuluka n'kuwatukwana onse pamodzi ndi makolo awo. Ndinawauza kuti ndiitana apolisi. Wamtali wina, malume ake a mwana womwalirayo, anangoti, "Apolisi amabwera n'kupita, bwana. Inunso mupita." Aginesi anandikokera m'nyumba. "Achimwene, mwathira petulo."

Ndinaimbira foni Tadala. Sindikudziwa chifukwa chake iyeyo osati mayi ake. Ndinaika foni pafupi ndi pakamwa pa agogo ake kuti amve.

"Adadi, chimenecho si chisokonezo, akulankhula ziganizo zathunthu. Agogo ali mwana ankalankhula chiyani?"

Ife ndife Alhomwe. Mayi anabadwira tsidya la malire, ku Mozambique. Tili ana ankalankhula Chilhomwe ndi akulu awo akamasenda chinangwa, ife n'kumaseka. Kusukulu ukalankhula Chilhomwe anzako ankakunena mpaka kulira, ndiye tonse tinakula ndi Chichewa. Akulu awo atamwalira, mayi sindinawamvenso akuchilankhula.

"Pezani munthu wochidziwa," anatero Tadala. "Akhale pansi, mutu wake utsike kuposa wa agogo. Asawatsutse chilichonse. Ndipo inu, adadi, musakuwe."

Mudzi wonse wa Alhomwe, ovala malaya achikhalidwe pa zikondwerero, wodziwa kulankhula ndinamusowa. Aginesi anakumbukira a Muhiwa, mkulu woluka mphasa kuseri kwa phiri. Nditapita kukawapempha, anakana kawiri. "Mwanawe, ndikakalankhula nawo anthu adzati tili awiri." Ndinawagwadira, ine amene sindinagwadirepo bwana.

Anabwera m'mawa, anyamata aja akuonerera. Tinatulutsa mayi pakhonde kuti aliyense aone. A Muhiwa anakhala padothi n'kupereka moni m'Chilhomwe. Mayi anatembenuka msangamsanga. Anayankha, anaseka, anawamenya paphewa a Muhiwa ngati mnzawo wakale. Kenako nkhope inagwa, n'kuyamba mawu aja, akuloza kunjira.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

A Muhiwa anayankha mokweza kuti a pansi pa mango amve. "Akuti mwana wawo wamwamuna anapita kusukulu m'mawa ndipo mpaka pano sanabwere. Amakaima panjira ya ana asukulu, amafunsa mwana aliyense ngati wamuona Fayisoni. Akuti ana a masiku ano ndi amwano, amangothawa osayankha."

Amayi awiri achikulire amene anaima kumpanda anaweramitsa mitu, mmodzi anaphimba kumaso ndi chitenje. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma wamtali uja analavula pansi. "Ife tamva chiyani? Tamva mfiti ziwiri zikugwirizana." Ananyamuka onse pamodzi, mosafulumira, n'kulowera kumsika.

A Muhiwa anadzuka akupukuta fumbi. "Dzuwa lisalowe mayi anu ali pano. Ine ndikagona kwa mwana wanga."

Ndinachita hayala galimoto masana omwewo. Mwala umodzi unaswa galasi lakumbuyo tikudutsa pamlatho. Mayi ndi Aginesi ndinawapezera nyumba ya lendi ku Bangwe. Sabata isanathe tinamva kuti nyumba yakumudzi yatenthedwa, malata anthu anagawana.

Zaka zonse zimene ndinkanyamula makatoni ndinkati kwathu kulipo, kukundidikira, ndipo mwana wanga ndi amene wataya zakwathu. Ndinapeza kuti kwathuko munthu angaphedwe chifukwa cholankhula chilankhulo cha eni mudzi. Tadala anandifunsa pafoni, m'Chichewa chake chopindika, "Adadi, inu mukakalamba mudzayankhula chani?" Sindinamukalipire. Ndi funso limene limandipeza ndikamaganiza za nyumba za okalamba za ku Leicester, ine ndili pampando ndikukuwa m'Chichewa, atsikana ovala yunifolomu akulemba kuti ndine wovuta. Tsopano Tadala amanditumizira mawu a Chichewa Lamlungu lililonse kuti ndimukonze.

Tikiti yobwerera ndaisuntha. Ndikadali ku Bangwe. A Muhiwa amandiphunzitsa Chilhomwe pafoni ya mwana wawo, ndipo amati lilime langa ndi louma ngati chikumba. Mayi sakundidziwabe. M'mawa uliwonse ndimakhala pansi pasimenti, mutu wanga kutsika kuposa wawo. Amandigwira pamkono n'kundifunsa ngati ndamuona Fayisoni. Funsolo tsopano ndimalimva ndekha, ndipo ndimayankha ndi mawu ochepa amene ndagwira: ndamuona, ali m'njira, akubwera.