Boyila ya Achimwene ndi Chambiko cha Zulayho

Achimwene anga a Nortoji anayendetsa basi m'tauni yathu ino ya Chirchiq zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo zaka zonsezo sanagwirepo mphika. Ndikunena ine Tursunoy, mlongo wawo, amene ndimakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo. Tiyi weniweniyu ankamudikira atapinda miyendo ngati mlendo. Ndiye akazi awo a Zulayho atamwalira, tonse tinkati bamboyu afa ndi njala ufa uli m'thumba.

Maliro atatha, anatsegula firiji n'kupezamo kambale ka chambiko, chomaliza chimene malemu anapanga. Anabwera nako kwathu atakagwira ndi manja awiri, n'kufunsa kuti chimapangidwa bwanji. Ndinawauza kuti awiritse mkaka, audikire uzizire mpaka chala chaching'ono chipirire, athiremo supuni imodzi ya chambiko cha dzulo, afunditse mphika n'kuuika pofunda. Supuni ya dzuloyo ndiye mbewu. Popanda iyo mkaka umangokhala mkaka.

Kuyambira pamenepo anapanga chambiko tsiku ndi tsiku, zaka zitatu, cha lero kuchokera ku cha dzulo, mpaka kukafika ku kambale kaja. Mphika ankaukulunga m'jekete lakale la malemu, ndipo chisanu chikayamba ankauika pamwamba pa boyila.

Boyilayo inali ya gasi, chimphona chachitsulo chofika m'chiuno, chokhala pakona ya khitchini n'kumatumiza madzi otentha m'mapaipi a zipinda zonse. Inalowa m'nyumbamo mwana wawo Davron asanabadwe. Poyaka inkayamba yatsokomola, kenako phuu! mphaka n'kutulukira pawindo. Koma pamwamba pake pankafunda bwino ngati pansi pa nkhuku yokhalira mazira.

Vuto linabwera ndi ukwati wa Davron. Akuchimuna amakonza nyumba, akuchikazi amabweretsa mipando, aliyense amadziwa. Mayi a mkwatibwi anafika ndi tepi yoyezera, anayeza khoma lonse la khitchini, n'kuima pamaso pa boyila. Anafunsa mwaulemu kwambiri, ulemu wolasa uja, ngati chinthucho chikhalapobe, poti makabati oyera a mwana wawo anali ataitanitsidwa kale.

Tinaitana Usta Mirvali, mmisiri wa mapaipi. Anati njira zilipo ziwiri: kugula yatsopano yopachika pakhoma, yolowa m'kabati, kapena kusamutsira yakaleyo m'kanjira ka kuseri. Kenako anaigogoda ndi sipanala, dzimbiri n'kuyoyoka pansi.

"Nortoji aka, iyi ikungogwiridwa ndi penti," anatero, poti kwathu kuno mwamuna wamkulu kwa iwe umamuti aka. "Mukaisuntha phazi limodzi, tidzainyamula ndi tsache."

Achimwene anakana kwamtuwagalu. Anati chitsulo cha kale ndiye chitsulo, zatsopanozi ndi zitini za nsomba. Anati boyilayo sinadwalitsepo munthu chimfine. Anafika ponena kuti mphaka anaizolowera, mphaka yemwe uja wotulukira pawindo. Davron anawachonderera mlungu wathunthu, dada chonde, dada ukwati wayandikira, koma ayi ndithu. Chifukwa chenicheni ndinkachidziwa ine ndekha. Munthu woti anawongolera basi yodzaza pamsewu wa madzi oundana sangaime pamaso pa mwana wake n'kunena kuti akumenyera nkhondo mphika wa chambiko.

Ndinawakoka mpaka kusitolo kuti akangoona. Kumeneko anandichititsa manyazi. Ankayenda n'kumaika chikhatho pamwamba pa boyila iliyonse ngati akupima mwana malungo. Wogulitsa atabwera, anamufunsa ngati ikayaka imatentha pamwamba. Mwamunayo anadziguguda pachifuwa, nati ngakhale pang'ono, kutentha konse kumalowa m'mapaipi, khanda likhoza kuitsamira.

"Ndiye ntchito yake n'chiyani?" anatero achimwene, n'kutuluka osatsanzika.

Mapeto ake Davron anagonja, tinagwirizana zoisamutsa. Amuna anayi anaimasula mapaipi n'kuikweza. Pamwamba panakwera, pansi panatsala. Madzi akuda a zaka makumi atatu anasefukira pa matailosi atsopano mpaka kukhomo. Usta Mirvali anangopita kuseri kwa chitseko, anatenga tsache, n'kuwapatsa achimwene m'manja. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, Mulungu andikhululukire.

Yatsopano imene tinagula inatenga masiku anayi kuti ilumikizidwe, ndipo masiku amenewo achimwene ankagona ndi mphika m'bulangeti, kumiyendo. Chinkagwira ndithu. Tsiku lomaliza anathira mbewu mumkaka monga mwa masiku onse, ndipo pofuna kuipatsa mpata yachilendoyo, anaika mphika m'kabati pambali pake. Chotsala anachisiya m'firiji.

Mmisiri ali pantchito amadya pakhomo pomwepo, ndipo wophika ndinali ine. Ndinawapakulira mpunga wa nyama ya nkhosa ndi karoti, n'kutuluka kukatenga buledi. Pobwerera ndinapeza Usta atatulutsa mbale ya chambiko ya m'firiji ija, aikomba mpaka kuwala. Usta anayamikanso kuti chambiko chotere sanachilawe chaka chino. Ndinangoti kaya, mumphika muja muli china.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinaona achimwene ataima pageti panga, jekete la malemu lili pamkono, mphika uli m'manja. Anautsegula. Munali mkaka, wozizira, wamadzimadzi.

"Watha, Tursunoy," anatero. "Zaka zitatu ndamusunga. Ndamutaya chifukwa cha makabati."

Anati wa-tha, ngati akunena munthu, osati cha-tha, ndipo maso anali ofiira. Zinandipweteka kwambiri. Koma ine ndikamva chisoni ndimakalipa, ndi mmene ndinabadwira. Ndinawakhazika pansi n'kuwafunsa ngati ankaganiza kuti akazi awo anali mngelo wosalakwitsa. Zulayho ankaononga chambiko kawiri pamwezi! Akatengeka ndi macheza mkaka n'kuzizira, kapena Davron n'kumaliza mbale yonse, ankathamangira kuno ndi kapu pansi pa mpango, kuopa kuti amuna ake amuseka. Changa chikafa, ndinkapita kwa iye. Mbewu yoyamba anandipatsa yekha chaka chimene ndinakwatiwa, ndipo zaka makumi atatu yakhala ikuwoloka msewu uno kupita ndi kubwera. Theka la nyumba za mumsewu muno zikudya chambiko cha Zulayho, eni ake ali chigonere ndi mphika kumiyendo.

Achimwene anandifunsa chifukwa chake sindinawauze kale. Ndinati sanandifunse, komanso munthu amene wayamba kugwira mphika atakalamba sumusokoneza. Ndinawauzanso kuti chitsulo chofunditsa chipinda chawo chogona, chapansi pa windo chija, chimafunda kuposa malemu boyila, angoikapo kathabwa.

Ndinalowa m'nyumba n'kubwera ndi mbale ya chambiko changa ndi supuni. Analawa pang'onopang'ono, akutafuna ngati muli fupa.

"Chawawasa," anatero. "Cha Zulayho sichinkawawasa chonchi."

"Ndiye bwezani, aka."

Sanabweze. Anakokera mbale pachifuwa n'kumadya, misozi ikutsikira m'ndevu. Atatsala pang'ono kumaliza anaima, anakomba m'mbalimbali, n'kusiya supuni imodzi yodzaza.