Chitini cha a Eneya

Ndinafika ku Phalombe mu 1998 ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, satifiketi ya za nkhalango ili m'chikwama, tayi ili pakhosi ngakhale kunja kunkatentha ngati m'chiuvuni. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo phiri lalikulu ngati la Mulanje ndinali ndisanaliwonepo, koma izi sizinandiletse kuyenda ngati mwini wake. Bungwe lina losamalira nkhalango ya m'phirimo linandilemba ntchito yowerenga anthu olowamo. Akuluakulu ankafuna kudziwa njira zodutsa anthu ambiri kuti azikonze ndi kumangamo timilatho. Njira yosadutsa anthu, anatero, mlonda wake apite akalime. Mbali yathu kunali njira zinayi, ndipo yakutali kwambiri inali ya ku Nkhulambe, kumene ankalondera a Eneya Goliati.

A Eneya anali bambo wamfupi, wa khosi lokhuthala chifukwa chosenza matabwa a mkungudza kutsika nawo m'phiri kwa zaka makumi awiri. Makolo awo anachokera ku Mozambique, koma iwo anabadwira pomwepo, m'munsi mwa phirilo. Anathyolako tiyi ku Mulanje ali mnyamata, n'kubwerera atawona kuti kapitawo ndi iwo sangamwerane madzi. Sukulu anailawa masiku atatu okha, ati mphunzitsi ankalongolola kwambiri. Ulonda anaupeza mawondo atayamba kudandaula, ndipo ankaunyadira. Yunifolomu ankaichapa okha, osalola ngakhale akazi awo, a Belita, kuti aikhudze.

Alonda atatu enawo ndinawapatsa mabuku ndi zolembera. A Eneya bukulo analitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera mwaulemu.

"Ine ndi pensulo sitidziwana, bwana."

Apa ndi pamene nzeru zanga zinatulukira. Ndinatola chitini cha mkaka, ndinapempha nandolo wouma wodzaza mbale kwa a Belita, n'kuyamba kuphunzitsa munthu wamkulu ngati bambo anga.

"Munthu akakwera, ponyani nandolo mmodzi m'chitinimu. Mmodzi, mmodzi. Mwezi ukatha ine ndizibwera kudzawerenga amene ali m'katimo. Mwamva?"

"Ndamva, bwana. Wakwera, mmodzi."

Ndinabwerera ku boma mapewa ali m'mwamba. Pamsonkhano wotsatira ndinafotokoza njira yangayi mwa Chingerezi chosankha, ndipo anandiwombera m'manja.

Mwezi uliwonse ndinkazungulira njira zonse zinayi pa njinga yamoto. Kwa a Eneya ndinkafikako pomaliza, dzuwa litapendeka, fumbi lili m'mano, ndikuganiza za chipisi cha pa boma. Injini sindinkazimitsa n'komwe. Ankabwera ndi chitini, n'kuchivundukula pamaso panga. Mwezi woyamba munali nandolo awiri. Wachiwiri munalibe kanthu. Chimene chinkandinyansa ndi chakuti tsiku lopanda kanthulo nkhope yawo inkawala.

"Mwezi uno zayenda bwino, bwana. Onani nokha, mbee!"

Mumtima ndinkati mdala waulesi uyu, akusangalala kuti sakugwira ntchito. Ndinkalemba ziro wanga wozungulira bwino n'kuliyatsa liwiro. Chaka chitatha, njira ya ku Nkhulambe inali ndi anthu khumi ndi mmodzi. Ndinajambula girafu ndi rula ndi zolembera zamitundu itatu, ndipo kunena zoona lipotilo linali lokongola.

Yankho silinachedwe. Kalata inati njirayo sikufunika mlonda, a Eneya asiye ntchito pakutha pa mwezi, ndipo wokapereka kalatayo ndi ine. Tsiku lokaipereka njinga yamoto anatenga abwana anga, choncho ndinakwera matola a m'mamawa, obwerera madzulo. Kwa nthawi yoyamba ndinayenera kuswera pa kanyumba ka a Eneya tsiku lathunthu. Anandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pamwala. Kalata ndinaisiya m'thumba, ndinati ndipereka tikatha kumwa thobwa.

Thobwa lisanathe kunatulukira amayi asanu ndi awiri atanyamula zikwakwa, akupita kukamweta udzu. A Eneya anawapatsa moni m'Chilomwe, aliyense ndi dzina lake, nandolo n'kumagwera m'chitini. Kenaka kunabwera otola nkhuni, odula masache, gulu la mapemphero litavala zoyera, mphunzitsi ndi ana ake a Sitandade 7, bambo wina wokumba mankhwala, ndi azungu awiri ofiira ngati tomato ali ndi owanyamulira katundu. Pofika masana ndinali nditawerenga anthu makumi asanu ndi awiri kudza atatu.

"Kodi lero kuli mwambo wanji kuphiriku?"

"Lero? Lero ndiye kwachepa, bwana. Mubwere Loweruka."

Cha m'ma 2 koloko amayi a udzu aja anayamba kutsika, mitolo ili pamutu. A Eneya anawalonjera, n'kupisa dzanja m'chitini, kutulutsa nandolo asanu ndi awiri ndi kuwabwezera m'mbale. Ndinadzambatuka pampando.

"Mukutani kodi?"

"Abwerako awa."

"Ndani anakuuzani kuti muzichotsa?"

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chifukwa chake madzi amatsika phiri.

"Nanga munthu ali kunyumba kwake, akhaliranji m'chitini? Otsalamo ndi amene ali kumtunda. Inu simunati muzidzawerenga amene ali m'katimo?"

Iwo anapitiriza, maso ali kunjira. Anati napolo atatsika mu 1991 anatenga mchemwali wawo amene anakwatiwa kufupi ndi boma. A Eneya anayenda m'matope masiku anayi akumufuna, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti panalibe wodziwa bwinobwino amene analipo ndi amene akusowa.

"Ndiye mutabwera ndi chitini chanu ndinati mwana uyu ndi wanzeru, boma laganiza bwino. Dzuwa likafika pamwala uwo muli nandolo wa munthu amene sanandiuze kuti akagona kumtunda, ndimatenga ndodo n'kukwera. Chaka chino ndatsitsa anayi. Wina anathyoka mwendo, wina nkhungu inamusokoneza."

Khumi ndi mmodzi anga aja anali anthu amene tsiku la ulendo wanga ankagona m'tinyumba ta pamwamba pa phiri. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso, ngakhale tsiku limene ndinagwa pa njinga pamaso pa apongozi. Chaka chathunthu munthu ankandiuza kuti palibe amene watayika, ine n'kumalemba kuti palibe amene wabwera. Funso limodzi likanakwana, koma kufunsa kunkafuna kuzimitsa injini.

Kalata ndinawawerengera matola atatsala pang'ono kufika. Anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pa bondo. Ndinalumbira kuti ndikonza, kuti kulakwa ndi kwanga ndipo ndikanena.

Ndinakanenadi, ndisadzinamizire zonse. M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya abwana n'kufotokoza kuyambira pachiyambi. Iwo anatsegula kabati, anatulutsa lipoti langa, n'kuliyala patebulo pa tsamba la girafu.

"Saini iyi ndi ya ndani?"

"Yanga, bwana."

"Lipoti ili linapita kale kwa otithandiza kunja. Ukufuna ndiwalembere kuti manambala athu anali nandolo? Ndikatero afunsa za njira zina zitatuzo, kenaka afunsa kuti wowerengayo tinamutola kuti. Ndilembe?"

Anatenga cholembera n'kundidikira. Ndinayang'ana girafu yanga yamitundu itatu. Ndinaganiza za kubwerera ku Ntchisi ndi chikwama chokha, ndi za mtsikana wina wa ku Migowi amene ndinali nditangomufunsira kumene. Kulimba mtima kwanga konse kunakwana mphindi ziwiri. Ndinati mwina tidikire chaka chamawa, tidzawerengenso bwino. Abwana anati amadziwa kuti ndine mnyamata woganiza, ndipo chaka chamawacho anandikweza n'kunditumiza kwina.

Tsiku lomaliza la mwezi wa kalata uja ndinapita kukatenga katundu wa bungwe. Ulendo uno injini ndinazimitsa. A Eneya anali atachapa yunifolomu, ataipinda bwino, wezulo ndi majombo zili pamwamba. Sanandifunse za ku ofesi, nkhope yanga inali itanena kale. A Belita anaima patali atagwira m'chiuno, ndipo moni wanga sanayankhe. Ndinayamba kupepesa, koma a Eneya anakweza dzanja.

"Zimenezo zisiyeni, ine munda ndili nawo. Koma pali mawu oti mukamuuze amene adzakhale pano."

Anayamba kutchula, akupinda zala. Mayi Zelifa amakwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo amadwala khunyu, asamaloledwe kupita okha. A mapemphero akati atsika mawa amatanthauza mkuja, asawadere nkhawa msanga. Kamlatho kachiwiri thabwa lapakati lawola, ana a sukulu aziuzidwa. Nkhungu ikayamba cha kum'mawa isanakwane 12 koloko, aliyense abwezedwe, ngakhale mzungu atakalipa chotani.

"Mwamva, bwana?"

"Ndamva."

"Mukamuuza?"

Ndinati ndikamuuza. Kunalibe wina wobwera, ndipo a Eneya ankadziwa zimenezo bwino lomwe, poti kalata ija ndinawawerengera ndine. Anangogwedeza mutu, n'kundithandiza kumanga majombo awo kumbuyo kwa njinga kuti asagwe panjira.