Madzi a Njerwa Anathera pa a Saidi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, ku Ulongwe kuno, poumba njerwa. Ine yanga inali madzi. Nkhata pamutu, ndowa pankhata, kudambo, kumgolo, kudambo, kumgolo. Amuna amaponda dothi, kuliponya m'chikombole, kukakhuthula padzuwa.

Akapitawo anali a Mbwana, oumira madzi ngati mafuta ophikira. Ungotunga kakapu mumgolo: "Iwe! Amenewo ndi a njerwa!"

Ndiye Okutobala, dzuwa lija loti phazi siliponda mchenga. Woumba wathu wamkulu, a Saidi, m'mawa anali thukuta kamukamu, akudandaula mutu, miyendo ikukokana. Ife: "A Saidi, tapumani." Iwo: "Iyayi, nditsirize mzerewu." Masana ndikubwera ndi ndowa, ndapeza akukhuthulira njerwa pamwamba pa zinzake, uku akuitana mayi awo oti anamwalira kalekale. Kenako khu, pansi! Kuwagwira mkono, kutentha ngati chiwaya, thukuta ziii.

Phokoso! Wina: "Majini awa, itanani a shehe!" Mayi wa zitumbuwa: "Malungo! Afunditseni!" Ine ndamasula kale chitenje chapamwamba, ndawafunditsa mpaka m'khosi.

A Mbwana chothamanga: "Chotsa chinsalucho, ukumuphika munthu! Mkokereni pansi pa mango, mvuleni malaya. Iwe, mgolo!"

"Madzi a njerwa aja?"

"Thira! Onse!"

Tinathira, ena akukupiza ndi makatoni. Ndati ndiwamwetse, a Mbwana andimenya dzanja: "Wokomoka samwetsedwa, atsamwa!" Paja iwo anadulapo nzimbe kuchigwa, mnzawo anapita chonchi iwo akuona. Minibasi anaimitsa okha pamsewu, mpaka kuchipatala ku Liwonde. A Saidi anagonekedwa, anatuluka amoyo, koma chikombole sanachigwirenso chaka chimenecho.

Ndiye ine mpaka lero, munthu wa thukuta ndi chizungulire ndimamukhazika pamthunzi, amwe pang'onopang'ono. Koma thupi likatentha n'kuyamba kubwebweta, sindifunsanso kuti majini kapena malungo. Madzi pathupi, galimoto, kuchipatala. Chitenje changa chikhale m'chiuno mwanga.

Mgolo uja ndinaudzazanso ndekha, palibe anandithandiza. M'mawa mwake tinapeza kapu ataimangirira pamgolo ndi chingwe, a Mbwana ataima pambali pake, maso ali psu: "Imwani! Aliyense amwe! Koma wotaya dontho andiona!"