Mizere ya Choko Kuseri kwa Chitseko

Pasukulupo aliyense ankawatchula kuti Mayi Bwanji, ndipo dzinali sanawanamizire. Mayiwa anasesa ndi kukolopa makalasi a pasukulupo zaka makumi awiri, koma mafunso pakamwa sanathe. Bwanji mpope wakuchimbudzi umalira Lolemba lokha? Bwanji ana amatafuna zivindikiro za zolembera? Malemu amuna awo ankawaseka kuti, "Iwe, udzafunsa ndi maliro omwe kuti agoneranji masana."

Kachipinda kawo ka masache kanali kunsi kwa masitepe okwerera ku makalasi am'mwamba. Munali ndowa, zokolopera, sopo, ndi kabokosi ka nsapato kodzaza thonje ndi pulasitala. Kabokosika ndiye kanali chinsinsi. Lamulo la pasukulupo linali loti wothamanga pakhonde alandire chibalo, ndiye mwana akagwa n'kusupuka bondo sankayerekeza kupita ku ofesi, poopa kuti bala lomwelo limuneneza. Ankazembera kwa Mayi Bwanji. Iwo ankatsuka balalo, kulimata, n'kumuuza kuti, "Pukuta misozi, mwanangu. Zathera muno."

Koma munthu wa mafunso sasiya. Mwana aliyense ankamufunsa pamene wagwera, ndipo akatuluka ankalemba kamzere ndi choko kuseri kwa chitseko: ogwera pabwalo mbali iyi, ogwera pamasitepe mbali iyo. Mbali ya masitepe inayera mbuu! Ndipo onsewo, abale inu, ankaloza malo amodzi, sitepe yachitatu. Bwanji yachitatu? Anaikolopa, kuisuzumira, kuipondaponda, mpaka tsiku lina anayeza masitepe onse ndi mpini wa tsache. Yachitatuyo inali yaitali kuposa zinzake ndi zala ziwiri. Phazi likazolowera ziwiri zoyambazo, linkakapunthwa pamenepo.

Anauza ndani? Palibe. Kunena kukanakhala kuulula ana.

Chaka china kunabwera ahedi atsopano, okonda zinthu zolongosoka, nakhazikitsa komiti ya zaumoyo ndi chitetezo. Munali iwo eni, mphunzitsi wamkazi wa masamu, bambo wina woimira makolo, ndi mpando umodzi wa ogwira ntchito zapanja. Mlonda anakana, akuti misonkhano imamupatsa tulo, choncho mpandowo unagwera Mayi Bwanji.

Pamsonkhano woyamba ahedi anatsegula buku lolembamo ngozi n'kuyamba kutembenuza masamba. Oyera okhaokha.

"Mwaonatu," anatero ahedi. "Zaka zisanu popanda ngozi. Chibalo chija chikuthandiza, ndipo ine ndikuti tichiwonjezere."

Bambo woimira makolo anavomereza ndi mutu. Tisanamizane, Mayi Bwanji anachita mantha. Akalankhula, ana adzati azakhali atigulitsa, sadzabweranso. Nawo ahedi akhoza kuwachotsa ntchito chifukwa chochita udokotala pakati pa masache. Anadziluma lilime. Koma funso linatuluka lokha ngati chifuwa.

"Pepani bwana, bwanji bukuli lili loyera pomwe kwa ine thonje silitha sabata?"

Poti madzi akatayika saoleka, Mayi Bwanji anawatsogolera onse kukachipinda kuja, nawaonetsa kabokosi ndi kuseri kwa chitseko. Bambo uja anayamba kuwerenga mizere, n'kulekera panjira.

"Mayi, mukudziwa kuti zimenezi n'zosaloledwa?" anafunsa ahedi, nkhope itakwinyika. "Mwana akanatupa bala mukanatani? Ndikufuna maina a ana onsewa."

"Maina ndilibe, bwana, ndili ndi mizere basi. Koma wolakwa ndikumudziwa, tiyeni ndikuonetseni."

Anatenga tsache nayeza masitepe pamaso pawo. Mphunzitsi wa masamu uja, amene nayenso anaphunzira pasukulu yomweyo, anagwada ndi rula n'kuyezanso. Atadzuka anakweza chibwano, n'kuloza kachipsera kunsi kwake.

"Bwana, mzere umodzi kuseri kwa chitseko chija ndi wanga. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kunyumba ndinanama kuti ndagwa mumtengo. Ndipo tsiku limenelo sindinkathamanga n'komwe."

Ahedi anayang'ana sitepeyo akukanda m'mutu. Sabata yomweyo mmisiri anabwera kudzaikonza, chibalo cha ovulala chinathetsedwa, ndipo kabokosi kanasamukira ku ofesi. Mayi Bwanji anadzudzulidwa, inde, koma tsache sanawalande.

Chinawapweteka n'china. Kachipinda kanazizira. Masiku anadutsa popanda wogogoda, ndipo iwo ankasesa khonde akudzifunsa ngati ana aja awakwiyira. Lachisanu lina kamtsikana kanagwa pabwalo, n'kulira mokweza, kosabisa n'komwe. Kanadutsa pakhomo pawo penipeni, ulendo wa ku ofesi. Mayi Bwanji anachita nsanje, nsanje yeniyeni, mpaka anadziseka okha kuti nkhalamba yonseyi kulimbirana bondo losupuka ndi ahedi!

Akutsuka chokolopera anamva kugogoda. Kanali kamtsikana kaja, pulasitala woyera ali pabondo.

"Azakhali, andimata kale ku ofesi," kanatero, kakupukuta mamina ndi dzanja. "Koma sanandifunse pamene ndagwera."

Mayi Bwanji anapukuta manja pa epuloni, natola choko pawindo.

"Lowa, mwanangu. Tandiuza, wagwera pati?"