Khoma Lapepo la Ajibulu

Ajibulu anali mmisiri womanga nyumba kwathu ku Ijero. Anamangira anthu mpaka imvi kumera, koma kanyumba kogulitsiramo chakudya ka mkazi wake, Morenike, kanakhala zaka kali njerwa zokhazokha. Odzadya zilazi zosinja ankamuseka kuti wamanga theka la tauni koma pakhomo pake pamukanika.

Kuphiri, anthu okumba miyala yamtengo wapatali ankataya pambali mwala wina wapepo, wonyezimira, wofewa moti mpeni umaukala. Ukautokosa ndi chikhadabo umasendeka ngati mamba a nsomba. Panalibe woufuna. Ajibulu anaututa pa wilibala, anauphwanya, n'kuusakaniza ndi simenti kuti akonzere pansi pa kanyumbako.

Dzinja lisanathe, pansipo panali patakumbika. Mwalawo unanyenyeka ndi mapazi, ndipo aliyense ankatuluka nsapato zikung'anima. Morenike anasesa mpaka kutopa, kenako anauza mwamuna wake kuti zinyalala zakezo akaziike komwe anthu saponda.

"Ndiye mwanenatu, amake Ronke," anatero Ajibulu. "Khoma saliponda."

Anabwerera kuphiri. Ulendo uno anasankha zidutswa zolimba, zomwe mwala wapepowo unagwirana ndi nsangalabwi woyera. Anazimata pakhoma lakutsogolo chimodzichimodzi, n'kumazikhula ndi madzi mpaka manja kuchita matuza. Tsiku lomwe anachotsa masaka otchingira, dzuwa la m'mawa linawomba khomalo ndipo a njinga zamoto anayamba kuima pamsewu. Akwati ankabwera kudzajambulitsa, akatha n'kuitanitsa chakudya. Odzadya atachuluka, Morenike anagula mtondo wina wosinjira zilazi.

Patapita zaka, kunamveka kuti m'mwala uja muli zopangira mabatire, ndipo malole anakokolola mulu wonse wa kuphiri. Wogula miyala wina wa ku Lagos anaima kudzadya pa Morenike. Anagogoda khomalo ndi kiyi wa galimoto, nanena kuti amulole aligumule, atenge miyalayo, awamangire lina la matailosi.

Ajibulu, yemwe apa n'kuti atakalamba, anafunsa mlendoyo chomwe chinamuimitsa pamenepo, malo odyera ali mbwee mumsewumo. Munthuyo anaseka n'kuvomera kuti ndi khomalo.

"Basitu, mwana wanga. Malizani msuzi wanuwo usanazizire."

Lero malowo akuwayendetsa ndi mwana wawo Ronke. Loweruka lililonse amatsuka khomalo ndi nsalu yofewa, bambo ake ali pampando, ndodo m'manja, kumulozera pomwe wadumpha.