Ba Neba a ku Mtendere

Ndinafika ku Lusaka ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, kuchokera kwathu ku Mchinji. Mwamuna wanga anali atatsogola. Ankasamalira maluwa kumayadi a ku Kabulonga, ndipo anapeza kachipinda ka lendi ku Mtendere. Ine ndinalibe pepala lililonse londilola kukhala m'dzikomo. Iye anandilangiza kuti ndisamacheze ndi anthu, chifukwa Chichewa changa chindiulula, ndipo akandidziwa andibweza kumalire. Ndinamvera. Ndinkatunga madzi pampopi mwakachetechete n'kubwerera kukadzitsekera.

M'chipinda choyang'anizana ndi chathu munkakhala mayi wamasiye wochokera ku Kitwe, amene ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Pabwalo ponse ankawatchula kuti ba neba, nanenso ndinatengera. Anali ndi thupi, mawu awo ankamveka mpaka kuseri kwa mpanda, ndipo Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chibemba. Ine ankanditchula kuti mwaiche, ndiye kuti mwana wamng'ono.

M'mawa wina fungo la mafuta awo linandisokoneza m'mimba, ndinakasanza kuseri kwa bafa. Potembenuka ndinawapeza ataima ndi kapu ya madzi.

"Mwaiche, iwe uli na mimba," anatero. "Ku kiliniki unayamba?"

Ndinapukusa mutu. Atandiumiriza, ndinawanong'oneza kuti ndine wa ku Malawi, ndipo bambo akunyumba akuti ndikakaonekera kuchipatala andigwira. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Uganiza sitinaziwe? Munthu okamba zinthu, zinthu, pamene ise tikamba vinthu? Tinaziwa tsiku unabwela. Mailo nizakupeleka."

Mawa lake sanakazinge. Anandibwereka chitenje chawo chabwino, tinanyamuka wapansi, iwo patsogolo akupereka moni kwa aliyense, ine pambuyo. Titalowa kwa namwino, funso lililonse ankayankha ndi iwo, mpaka namwinoyo anaika cholembera pansi.

"Ba mayo, mimba ni yanu kapena ni yake?"

Anatuluka akung'ung'udza, koma sanapite patali, ndinkawamva akutsokomola pakhomo. Namwino anandifunsa za chitupa. Ndinati ndilibe, ndipo ndinadikira kuti aitane apolisi. Iye anangofunsa komboni yomwe ndimakhala, n'kupitiriza. Anandiyeza magazi, anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi, kenaka anandimvetsera mtima wa mwana ukugunda. Ndinalira, sindidziwa ngati chinali chimwemwe kapena mantha amene ankatuluka.

Pondimanga pamkono lamba woyezera kuthamanga kwa magazi anaona chipsera chakuda. Ndinati ndinagwa pampopi. Sanatsutse. Anangonena motsitsa mawu kuti kuseri kwa chipatalacho kuli chipinda cha amayi amene akuvutitsidwa kunyumba, ndipo kumeneko safunsa dziko lomwe munthu wachokera.

Zoona zake n'zakuti mwamuna wanga anali atasintha. Ntchito ya kumayadi inali itatha, anayamba kukhalitsa kumowa, ndipo mkwiyo wake wonse unkathera pa ine. Atapeza khadi la kusikelo m'chikwama changa anakalipa kuti ndamugulitsa. Lamlungu lina masana, anthu atangobwera kutchalitchi, anandikankhira pakhoma n'kundimenya pamsana. Ndinakuwa, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo.

Chitseko chinatseguka ndi phazi. Anali ba neba, akadali m'zovala za kutchalitchi, chipande chokazingira chili m'manja. Sanamumenye nacho. Anangoima pakati pathu, thupi lonse lija litatseka njira.

"Menya ine," anatero. "Ine nilibe mimba. Menya!"

Mwamuna wanga anayang'ana pansi, anatola malaya ake n'kutuluka. Amayi ena a pabwalo anali atadzaza pakhomo, anamupatsa njira.

Madzulo ake omwewo tinapita kuchipatala kuti akaone ngati mwana ali bwino. Anali bwino. M'mawa mwake ba neba anandiperekeza kuchipinda chakuseri chija. Tinapezamo mlangizi, mayi wofatsa wovala magalasi, amene anandipatsa mpando n'kundilola kuyankhula mpaka mawu atandithera. Sanandifunse kuti ndinamulakwira chiyani mwamunayo. Anandifotokozera kuti ndingathe kukadandaula kupolisi, kuti pali malo obisalako amayi ngati kunyumba kwaopsa, komanso kuti iwo angamuitane kudzakambirana naye. Kenaka anandifunsa chomwe ine ndikufuna. Funso limenelo linandidabwitsa kuposa zonse, pakuti chichokereni kwathu palibe amene anali atandifunsapo.

Kupolisi ndinaopa, ndipo sanandikakamize. Ndinasankha kuti amuitane. Za malo obisalako, ba neba anayankhira ali panja pa zenera, pomwe ankamvetsera mopanda manyazi.

"Azagona kwanga uyu. Bedi yanga ni ikulu."

Bedilo silinali lalikulu. Iwo ankatenga mbali yaikulu, ine ndi mimba yanga tinkapanikizika kukhoma, ndipo ankaliza mkonono ngati chigayo. Koma m'miyezi imeneyo ndinagona tulo tomwe ndinali nditatiiwala. Anandiphunzitsa kukanda ufa wa zitumbuwa fungo la mafuta litasiya kundivuta. Anandiphunzitsanso kutsutsana ndi makondakitala, ndi kuyankha moni mokweza. Tsiku la sikelo likafika ankandidzutsa ndi kundikoka chala chakuphazi.

Mwamuna wanga anapita kwa mlangizi kamodzi, anapepesa, analonjeza zambiri. Ulendo wachiwiri sanaoneke. Tinadzamva kuti wapita kukafuna ntchito kumafamu a ku Mkushi, ndipo sanabwerenso. Ndinamulira, sindingabise. Ba neba sanandinyoze chifukwa cha misozi imeneyo. Ankangondisiira tiyi pambali n'kupita kumsewu.

Mwana anabadwa nthawi ya mvula, misewu ya Mtendere itasanduka matope. Anali wamkazi. Ba neba ndi amene anamunyamula potuluka m'chipatala, atamufunditsa mashawelo ochuluka moti namwino anawachotsako ena. Njira yonse ankaimitsa anthu, ngakhale osawadziwa, kuwaonetsa mdzukulu wawo. Wina atafunsa kuti mwana wa ku Malawi wakhala bwanji mdzukulu wa Mbemba, anamuyankha kuti akafunse amake amene anamubereka iyeyo.

Mlangizi uja anandilozeranso kwa anthu othandiza alendo pa nkhani ya mapepala. Zinatenga nthawi ndi maulendo ambiri, koma zinatheka. Ndinayamba kugulitsa tomato pafupi ndi pomwe ba neba ankakazingira, ndipo tinakhala moyandikana choncho mpaka mwana wanga atayamba sukulu.

Miyendo itayamba kuwavuta, ana awo anadzawatenga kupita nawo ku Kitwe. Tsiku losamuka anakana kulira, m'malo mwake anandikalipira kuti ndamanga katundu wawo molakwika. Amandiimbirabe foni Loweruka lililonse. Sandipatsa mpata woyankhula. Amafunsa ngati mwana akudya, ngati denga likudonthabe, ngati mayi wa ku Congo amene analowa m'chipinda chawo ndi munthu wabwino. Sabata yatha ndinawauza kuti ndi wabwino, kungoti ndi wamanyazi ndipo satuluka m'nyumba.

"Nanga iwe uchita chani?" anakalipa. "Yenda ukagogode!"

Ndinapita kukagogoda.